Wodwala akati "ndilekeni ndipite": mawu a namwino pa msonkhano wa ku Ndirande

Zikomo amfumu pondipatsa mpata. Azimayi ndi azibambo, zikomo pobwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi.

Ine ndine namwino, ndimasamalira odwala amene matenda awo sangachirenso. Sabata yatha mayi wina anandiimitsa pamsika n'kundifunsa kuti, "Anesi, n'zoona kuti kunja kuli mayiko amene dokotala amaloledwa kupha wodwala?" Ndinati ndidzayankhira pagulu, chifukwa funsoli si la mayiwo okha.

N'zoona, koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali zimene amazitcha euthanasia: wodwala wapempha yekha, dokotala n'kumupatsa mankhwala othetsa moyo. Dziko la Netherlands linayamba kulola zimenezi mu 2002, Belgium chaka chomwecho, Canada mu 2016, Spain mu 2021. Palinso njira ina, dokotala amangolemba mankhwalawo, wodwala n'kumwa yekha, ngati mmene zilili ku Oregon, ku America, kuyambira 1997. Kwathu kuno zonse ziwiri ndi mlandu waukulu.

Ndamva ena mukuti "asa!" Dikirani pang'ono. Amene amafuna lamuloli si onse oipa mtima. Ku South Africa, loya wina, Robin Stransham-Ford, atazunzika ndi khansa anapita kukhoti mu 2015 kupempha kuti dokotala amuthandize kufa. Khoti la ku Pretoria linavomera, koma iye anamwalira tsiku lomwelo chigamulo chisanawerengedwe, ndipo mu 2016 khoti la apilo linachithetsa. Chaka chomwecho Akibishopu Desmond Tutu, mtumiki wa Mulungu amene tonse timamulemekeza, ananena poyera kuti iyenso angafune kukhala ndi ufulu wosankha. Mfundo yawo ndi yakuti ululu ndi wa mwini thupi, ndiye wina asamukakamize kuupirira mpaka mapeto.

Otsutsa nawo ndi ambiri. Mpingo wa Katolika, Asilamu ndi mipingo ina amati moyo ndi wa Mulungu, wotenga ndi yemwe anapereka. Ena amaopa kuti khomo likangotseguka limanka likula. Amaloza ku Belgium, kumene mu 2014 anachotsa malire a zaka kuti ana nawonso athe kupempha, ndi ku Canada, kumene mu 2021 analola ngakhale anthu amene imfa yawo sinayandikire.

Tsopano mundilole ndinene zakukhosi kwanga. Mawu akuti "ndilekeni ndipite" ndawamva kambirimbiri, ndili pamphasa pambali pa wodwala. Ndikafunsa modekha kuti, "Agogo, chavuta n'chiyani?", yankho sililephera kukhala limodzi mwa awiri. Kapena ululu wawalanda tulo kwa masabata, kapena amati, "Ndawatopetsa ana anga." Aona mwana wawo wamkazi atasiya geni yake kuti akhale gadiyani ku Gulupu, kugona pansi, kuphikira panja. Aona mbuzi zitagulitsidwa, mdzukulu atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Munthu wotere akapempha imfa, wasankha yekha kapena umphawi wamusankhira? Ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika pa chuma cha masiye. Pakhomo pamene ena ayamba kale kuyang'ana nyumba, siginecha ya wodwala ingakhulupirike bwanji? N'chifukwa chake ine sindikufuna lamuloli kuno.

Koma kukana kokha sikokwanira. Ngati tikuti munthu asafe msanga, tisamusiye akubuula. Ululu wa khansa ya khomo la chiberekero kapena ya kummero umatha kuchepetsedwa. Pali mofini wamadzi, womwa pakamwa maola anayi aliwonse. Ambiri mumamuopa, mumati ndi mankhwala otsirizira munthu. Ayi. Akaperekedwa pa mlingo woyenera safupikitsa moyo. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, ndipo timapereka mankhwala ake. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kudikira kuti ululu ubwere kaye. Musadikire, tsatirani nthawi. Ndinaonapo mayi amene ankapempha imfa Lolemba, pofika Lachinayi akufunsa phala ndi wailesi.

Ku Gulupu kuli makiliniki osamalira odwala amene sangachirenso: Tiyanjane yothandiza akuluakulu, ndi Umodzi yothandiza ana. Pitani mukafunse. Ntchitoyi inakhazikika kuchokera kwa Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's, nyumba yosamalira odwala otere, ku London mu 1967. Iye ankaphunzitsa kuti ululu si wa thupi lokha: uliponso wa maganizo, wa pabanja ndi wa mzimu. Apa m'pamene a mvano, akulu a mpingo ndi inu anansi mumafunika kuposa ine.

Chinanso, kuti musamadziimbe mlandu. Wodwala akakana opaleshoni ina, kapena akati mundipititse kumudzi ndikatsirizikire kwathu, sikudzipha kumeneko. Kumuperekeza si kumupha. Ingotiuzani kuti tikupatseni mankhwala okwanira ndi kalata yokaonetsa kuchipatala cha kumeneko.

Wodwala akadzanena mawu aja akuti "ndilekeni ndipite", musamukalipire kuti akuchimwa. Khalani pansi, mufunseni pamene pakupweteka, kenako mutiitane. Amfumu, ndaona bambo ali kumbuyoko aimika dzanja kalekale. Nenani, bambo.