Dragon Age: Origins: Muyambire Kunyumba Yachifumu Kapena ku Dust Town?

[Pa sikirini: tsamba losankhira munthu, kacholozera kakungoyendayenda]

Tsamba mukuliona apali ndinakhalapo mpaka tiyi kuzizira, tsiku loyamba kusewera gemu imeneyi. Ndi Dragon Age: Origins, ya kampani ya BioWare ya ku Edmonton, Canada, ndipo inatuluka mu Novembala 2009. Musanagwire n'komwe lupanga, imayamba yakufunsani kuti kwanu n'kuti, makolo anu ndani. Mayankho alipo 6, ndipo lililonse lili ndi nkhani yakeyake yomwe mumaisewera nokha kwa ola limodzi kapena awiri.

Ndichenjezeretu: lero ndiulula zambiri, mpaka za kumapeto. Amene simufuna kumva, imitsani pompano, mukasewere kaye.

Misewu yonse 6 imakathera pamalo amodzi. Kulikonse komwe mwayambira, zinthu zikafika pa mwana wakana phala, pamatulukira bambo wandevu dzina lake Duncan, mkulu wa gulu la ankhondo olimbana ndi zilombo lotchedwa Grey Wardens m'dziko la Ferelden. Amakutengani kupita nanu ku Ostagar, komwe Mfumu Cailan ikukonzekera kumenyana ndi zilombo zotchedwa darkspawn. Kumeneko mumamwa magazi a zilombozo n'kukhala Warden, Loghain, mkulu wa asilikali a mfumu, amabweza asilikali ake nkhondo ili mkati, mfumu n'kufera pomwepo. Kuchokera apo, nkhondo ndi imodzi kwa aliyense.

Ndiye kusankhako kuli ndi phindu lanji? Muyeso wanga ndi umodzi. Sindifunsa kuti ola loyamba linakoma bwanji. Ndimafunsa kuti patapita maola 30, mutaiwala za kwanu, kodi kwanuko kudzakutsatirani?

[Pa sikirini: nkhalango, anyamata awiri atakoka mauta]

Tiyambe ndi yomwe imagwa pa muyeso umenewu, ya Dalish. Awa ndi ma elf (mtundu wa makutu osongoka) oyendayenda, okana kukhala pansi pa anthu. Inu ndi mnzanu Tamlen mumapeza phanga lakale, mkati mwake muli galasi lodabwitsa. Tamlen amalikhudza n'kusowa, inu mumadzuka mukudwala matenda a darkspawn, ndipo mankhwala ake ndi kukhala Warden basi. Nkhani ndi yabwino, koma mtundu wanu umasamuka kupita kumpoto. Mukadzafika kunkhalango ya Brecilian mumapeza a mtundu wina, a Zathrian, omwe amakulandirani mwaulemu koma si abale anu. Tamlen amabweranso kamodzi, usiku pamsasa, atasanduka chilombo, akupempha kuti mumuphe. Pamenepo pamawawa, sindikana. Koma ndi mphindi zochepa mu gemu ya maola ambirimbiri. Nkhani ya galasi lija inakakulira mu Dragon Age II ya 2011, m'manja mwa Merrill, mtsikana wa mumtundu wanu uja, osati mwanu.

Ya wamatsenga ili pakatikati. M'dziko limeneli mwana akaonetsa mphamvu zamatsenga amalandidwa kwa makolo n'kukatsekeredwa munsanja ya panyanja ya Calenhad, asilikali a tchalitchi otchedwa ma templar akumulondera usana ndi usiku. Mumayamba ndi mayeso otchedwa Harrowing: amakulowetsani m'dziko la maloto kuti mukakumane ndi chiwanda, mukalephera amakuphani. Kenako mnzanu Jowan amabwera akunjenjemera, wamva kuti akufuna kumuchotsa mphamvu pamodzi ndi mtima womva chilichonse. Akufuna athawe ndi chibwenzi chake Lily, ndipo akulumbira kuti za matsenga a magazi sazidziwa. Mutha kumuthandiza, mutha kukamunenera kwa mkulu Irving. Mulimonsemo, atapanikizidwa pakhomo, amadzicheka dzanja, magazi n'kugwetsa onse. Anakugwiritsani fuwa la moto. Pambuyo pake mumadzamupeza m'ndende ku Redcliffe atathirira poizoni Arl Eamon (Arl ndi udindo wa wolamulira dera), ndipo nsanja yomwe munakuliramo mumaipeza yadzaza ziwanda. Iyi imabweza ndithu. Komanso ngati mukungofuna mphamvu pankhondo, wamatsenga alibe mnzake mu gemu imeneyi.

[Pa sikirini: nyumba yachifumu ya Highever, galu akuuwa m'chipinda chosungira zakudya]

Yomwe anthu ambiri amathamangira ndi ya mwana wa banja la Cousland. Bambo anu, Bryce, ndi mwini dera la Highever. Mkulu wanu Fergus wanyamuka ndi asilikali pafupifupi onse kupita ku Ostagar. Mnzawo wa bambo anu, Arl Rendon Howe, ali m'nyumba ngati mlendo, akupepesa kuti asilikali ake achedwa panjira. Masana ntchito yanu ndi yochotsa galu wanu m'chipinda chosungira zakudya, komwe wapeza makoswe akuluakulu. Usiku asilikali ochedwa aja amafika, n'kupha aliyense, ngakhale Oren, kamwana ka Fergus. Bambo anu mumawapeza akutha magazi m'chipinda chomwe chija munkaphamo makoswe, ndipo mayi anu, Eleanor, amakana kuwasiya.

Apa BioWare inaika bwino msampha: malo omwe munasekerapo masana ndi omwe mukulirapo usiku. Ndipo Howe sasowa, amakhala dzanja lamanja la Loghain mpaka mutadzakumana naye m'ndende za pansi ku Denerim, likulu la Ferelden. Pamwamba pa izo, ndi Cousland yekha yemwe angathe kukwera pampando wachifumu, mkazi pokwatiwa ndi Alistair (Warden mnzanu yemwe ndi mwana wa mfumu yakale), mwamuna pokwatira Anora (mkazi wa malemu Mfumu Cailan). Vuto langa ndi loti nkhaniyi sikufunsani funso lovuta. Howe ndi woipa, inu ndinu olakwiridwa, kwatha. Ili ngati nsima ya ndiwo za nyama: palibe angaikane, koma mumadziwiratu kukoma kwake musanasambe m'manja.

Ya elf wa mutauni ndiye imaluma. Mumakhala ku alienage ya ku Denerim, kadera kotchingidwa ndi mpanda komwe ma elf anaunjikidwa, osaloledwa kunyamula zida. Ndi tsiku la ukwati wanu, wochita kukupezerani akuluakulu. Mwambo uli mkati, Vaughan, mwana wa Arl wa mzindawo, amabwera ndi anzake n'kutenga akazi mokakamiza, anthu onse akuyang'ana, popanda wotha kumuletsa. Mukasewera ngati mkazi, muli m'gulu la otengedwawo, ndipo mwamuna wanu Nelaros amafa akubwera kudzakupulumutsani. Mukafika kwa Vaughan mumapeza msuweni wanu Shianni atachitidwa kale zachipongwe, ndipo Vaughan, mopanda manyazi, amakulonjezani ndalama zagolide 40 kuti mutembenuke muzipita. Gemu imakulolani kulandira. Ine sindinayesepo, dzanja limakana.

Kubweza kwake kumachedwa, chifukwa chipata cha alienage chimakhala chotseka pafupifupi gemu yonse. Chikatseguka, mumapeza kuti Loghain wakhala akugulitsa anthu akwanu kwa ogula akapolo a kudziko la Tevinter, ponamizira mliri. Kwa wosewera wina aliyense, uwu ndi umboni wokaugwiritsa ntchito pamsonkhano wa mafumu. Kwa inu, m'khola lachitsulomo muli bambo anu, a Cyrion.

[Pa sikirini: mzinda wa Orzammar, chiphalaphala chamoto chikuyenda pansi pa milatho]

Tsopano tifike pomwe ndimafuna tikhalitsepo. Nkhani ziwiri za ma dwarf (mtundu wa anthu aafupi) zimachitikira mumzinda umodzi wapansi pa nthaka, Orzammar, ndipo zonse zimazungulira munthu mmodzi, Bhelen.

Ku Orzammar munthu amabadwira m'gulu lake ndipo amafera momwemo: achifumu, ankhondo, osula zitsulo, amalonda, antchito. Mwana wamwamuna amatenga gulu la bambo ake, wamkazi la mayi ake. Sungani lamulo limeneli, likubwera. Pansi pa onse pali opanda gulu, omwe amadindidwa chizindikiro kumaso ali makanda, ndipo m'mabuku a mzindawo salembedwa n'komwe kuti anabadwa.

Mukasankha wachifumu, ndinu mwana wachiwiri wa Mfumu Endrin Aeducan. Mukuyenda mumsika, mnzanu wokhulupirika Gorim ali pambali, ndipo mutha kumuuza kuti azikuyankhulirani poti anthu wamba sakuyenera kumva mawu anu. Mng'ono wanu Bhelen amakukokerani pambali n'kukunong'onezani kuti mkulu wanu Trian akufuna kukuphani. Mawa lake, kunjira zakuya za pansi pa nthaka, Trian amafa. Kaya mwamupha ndinu, kaya mwangomupeza ali thapsa, bambo anu amakupezani mutaima pamtembo, ndipo mboni zomwe munayenda nazo zagulidwa kale. Dzina lanu limafufutidwa, mumaponyedwa kunjira zakuya kuti zilombo zikakumalizeni. Akulu awiri achoka tsiku limodzi, mng'ono watsala yekha pafupi ndi mpando. Akuti chibale ndi fupa sichiola, koma Bhelen mwambi umenewo sanaumvepo.

Mukasankha wopanda gulu, ndinu Brosca wa ku Dust Town, kadera komwe kumakhala opanda guluwo. Mayi anu, a Kalah, ndi chidakwa. Inu mumagwira ntchito yoopseza anthu potumidwa ndi mkulu wa zigawenga, Beraht. Mchemwali wanu Rica, Beraht yemweyo wamugulira zovala ndi kumuphunzitsa mayendedwe a achifumu kuti akakope mwamuna wapamwamba. Lamulo lija ndi limeneli: Rica akabereka mwana wamwamuna kwa wachifumu, mwanayo ndi wachifumu, ndipo banja lonse latuluka m'fumbi. Akabereka wamkazi, zonse zagwa.

Tsiku lina Beraht wabetcha ndalama pa wankhondo wina, Everd, pampikisano wolemekezeka wa Proving. Inu ndi mnzanu Leske mumamupeza Everd ataledzera, ali gada. Mumavala zida zake, chisoti chikubisa nkhope, n'kulowa m'bwalo lomwe phazi la munthu ngati inu siliyenera kupondamo. Mumagwetsa mmodzi, wachiwiri, wachitatu, bwalo lonse likukuwa dzina la munthu wina. Kenako mwini dzina amatulukira akudzandira. Chisoti chimavulidwa, chidindo chija chimaonekera, ndipo anthu omwe amakuombereni m'manja aja akufuna mutu wanu. Pa zonse 6, palibe chithunzi chomwe chimandikhala m'mutu kuposa chimenechi.

[Pa sikirini: nyumba ya malamulo ya Orzammar, mbali ziwiri zikukangana]

Patapita maola ambiri, Warden aliyense amafika ku Orzammar kudzapempha asilikali. Mfumu Endrin yamwalira, ndipo olimbirana mpando ndi awiri: Bhelen ndi Lord Harrowmont. Muyenera kusankha mmodzi.

Ngati ndinu Cousland kapena elf, mumangomvetsera mbali zonse ngati mlendo pamlandu wa eni mudzi. Harrowmont ndi mkulu waulemu, Bhelen akununkha magazi, ambiri amatenga Harrowmont.

Ngati ndinu Aeducan, Bhelen ndi amene anakuyendani pansi, ndipo Harrowmont ndi amene anabwera pachipata tsiku lokuthamangitsani n'kukupatsani lupanga ndi chishango. Mungasankhe ndani?

Koma ngati ndinu Brosca, amene amakuthamangirani ndi Rica, atavala zapamwamba. Mwamuna wachifumu uja anamupeza, ndipo ndi Bhelen. Mwana anabadwa wamwamuna, dzina lake Endrin. Munthu amene mnzanu wosewera ngati Aeducan akumufunira imfa, kwa inu ndi alamu. Harrowmont waulemu uja ndi woteteza mwambo womwe unakudindani kumaso. Ndipo mawu otsekera gemu amaonjezera tsabola: Bhelen akalamulira amatsegula malonda ndi a kumtunda, amapatsa opanda gulu maufulu ena akalowa usilikali, kenako amathetsa nyumba ya malamulo n'kumalamulira yekha. Harrowmont amautsekera mzinda kunja, magulu aja n'kulimbiratu. Wopha abale ake ndiye akutukula amphawi, wachilungamo ndiye akuwapondereza. Bhelen sanasinthe kwenikweni, chasintha ndi khomo lomwe inu munalowera.

N'chifukwa chake ine ndimaika Brosca pamwamba, elf wa mutauni pambuyo pake, Aeducan wachitatu. Ngati n'koyamba kusewera ndipo mukufuna nkhani yoyenda myaa mpaka ku mpando wachifumu, tengani Cousland, simudzadandaula. Koma dziwani kuti dwarf sangakhale wamatsenga, ndiye amene mumakonda kuponya moto, Orzammar si kwanu.

Magemu otsatira sanabwerezenso zimenezi. Mu Dragon Age II aliyense amasewera ngati munthu mmodzi, Hawke. Mu Dragon Age: Inquisition ya 2014 mumasankha mtundu, koma mbiri yanu mumangoiwerenga m'mizere yochepa, simuiponda ndi mapazi. Ndikumvetsa chifukwa chake: kumanga mayambidwe 6 pomwe wosewera mmodzi aona limodzi lokha ndi ntchito yodula.

[Pa sikirini: ndende ya zigawenga pansi pa Dust Town]

Ndikuonetseni kanthu komaliza. Apa ndikusewera ngati Cousland, ndalowa m'phanga la zigawenga za Jarvia, yemwe anatenga malo a Beraht. Taonani m'chipinda ichi. Ameneyu ndi Leske, wamoyo koma watheratu, akupempha kuti ndimutsegulire. Chipinda choyandikana nacho muli mtembo. Ameneyo ndi Brosca. Mpikisano uja unachitikabe, chisoti chinavulidwabe, koma tsiku limenelo Duncan anali ku Highever, kudzatenga ine.