Speedway: Njinga Zopanda Mabuleki, Nanga Maso Aziyang'ana Pati?

[Chithunzi: njinga zinayi zaima pamzere, injini zikulira]

Takulandirani nonse. Njinga zamoto mukuzionazi zilibe mabuleki. Sikuti anatha kapena makaniko anaiwala kumanga ayi, malamulo a masewerawa ndiwo amakana. Giya nayo ndi imodzi yokha. Masewera ake amatchedwa speedway, ndipo ambiri akaonera koyamba amafunsa kuti, "Basi? Angozungulira kanayi, zatha?" Funso limenelo limabwera chifukwa maso amakhala ali pa amene akutsogola. Ine ndikuti maso anu atsike, ayang'ane dothi.

Tithane kaye ndi zophweka. Bwalo lake lili ndi mbali ziwiri zowongoka ndi makona awiri aakulu, ndipo kulizungulira kamodzi ndi mamita a pakati pa 260 ndi 425. Pansi si phula, ndi dothi losakaniza ndi timiyala topera. Amathamanga anthu anayi, kuzungulira kanayi, nthawi zonse kukhotera kumanzere, ndipo ndime imodzi imatenga pafupifupi mphindi imodzi. Woyamba amatenga mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, womaliza amabwerera chimanjamanja. Injini ndi ya 500cc, silinda imodzi, ndipo simwa petulo, imamwa methanol. Malamulo amati njingayo isapepuke kupitirira makilogalamu 77. Njinga zambiri za kabaza zimene timakwera m'tauni injini zake sizipitirira 150cc, komabe n'zolemera kuposa iyi. Mwaona mphamvu zimene mnyamatayo wakhalira?

[Chithunzi: njinga ikulowa pakona, pang'onopang'ono]

Ndiye amakhota bwanji wopanda mabuleki? Onetsetsani apa. Akafika pakona amagonetsa njinga, n'kuponya tayala lakumbuyo kunja. Tayalalo likuzungulira mofulumira kuposa mmene njinga ikuyendera, likupala dothi, likutsetsereka cham'mbali, ndipo kutsetsereka kumeneko ndiko kumachepetsa liwiro. Taonani tayala lakutsogolo: njinga ikukhotera kumanzere koma ilo laloza kumanja. Phazi lamanzere lili pansi, lavala chitsulo kunsi kwa jombo kuti lizikhula dothi osagwira. Chodabwitsa n'chakuti munthu wamantha ndiye ali pangozi. Tayala lija likangogwira pansi mwadzidzidzi, njinga imadzuka, imawongoka, ulendo wolunjika kumpanda. Pakona pamafunika kuthira moto, osati kuuchepetsa.

Tsopano dothi lija. Masewera asanayambe bwalo amalithirira madzi, thirakitala n'kulisalaza. M'ndime zoyambirira njira yachidule, ya m'kati pafupi ndi mzere woyera, ndiyo nthawi zambiri imapindulitsa. Koma njinga iliyonse ikamadutsa pakona imamwaza dothi kunja. Pang'ono ndi pang'ono m'kati muja mumauma, mumaterera, pamene kufupi ndi mpanda kwaunjikana dothi lofewa limene tayala lingagwire bwino. Apa ndiye pamabadwa zosangalatsa. Wina amasankha njira yaitali, amakwera mpaka kukatsala pang'ono kukhudza mpanda, inu n'kumati wasochera, koma akutuluka pakona ali ndi liwiro loposa anzake, n'kuwadutsa onse ngati aima. Amene amawadziwa masewerawa amaimirira iye asanadutse n'komwe, chifukwa aona kale kumene dothi lasamukira. Pakatha ndime zingapo thirakitala imabweranso kudzabwezera dothi m'kati, ndipo masamu onse amayambiranso. Choncho thirakitala ikalowa musamati ndi nthawi yongoyang'ana foni. Onani kumene ikukokera dothi, onani mbali imene athira madzi ambiri. Nthawi yomweyo kumalo okonzera njinga amakaniko ali kalikiliki, akusintha kagudumu kamano ka tcheni kuti tayala ligwirizane ndi mmene bwalo lasinthira.

Ponyamukira napo dothi lomweli ndilo limalamula. Pali malo anayi, oyamba m'kati, achinayi kumpanda. Mudzaona aliyense akukumba ndi chidendene, akupondaponda pamene tayala lakumbuyo likhale. Si mwambo wachabe, akufuna poti tayala ligwire. Kutsogolo kwawo kuli timalamba totchinga, ndipo woyimbira masewera akadina batani, timakwera m'mwamba. Ukatikhudza tisanakwere, chilango. Ukachedwa kufika pamzere kupitirira nthawi yoikika, watuluka. Kunena zoona, pabwalo louma lopanda dothi lokwanira, amene wafika pakona yoyamba ali patsogolo ndiye amapambana, ndipo tsiku lotere limagwetsa ulesi. Wina aliyense wokuuzani kuti speedway imakoma tsiku lililonse akukunamizani. Kukoma kwake kumadalira amene anakonza bwalo.

[Chithunzi: zisoti zinayi, chofiira, chabuluu, choyera, chachikasu]

Mitundu ya zisotiyi ili ndi ntchito. Pamasewera a ligi, timu ya pakhomo imavala chofiira ndi chabuluu, alendo choyera ndi chachikasu. Ndime zimakhala 15, iliyonse ili ndi mapointi 6, onse pamodzi 90. Awiri a timu imodzi akamaliza woyamba ndi wachiwiri, ndiye 5-1, ndipo bwalo limagwedezeka. Chimene ine ndimachikonda kwambiri chili pamenepa. Katswiri akutsogola, mnzake wachinyamata ali pambuyo akupanikizidwa. M'malo mothawa yekha, katswiri uja amacheuka, amachepetsa pang'ono, amatseka njira yakunja pamene mnzake watseka yam'kati, awiriwo n'kumayenda mbali ndi mbali mpaka kumapeto. Kuchita zimenezo panjinga yopanda mabuleki, dothi likukuthira kumaso, ndi luso loposa kungopambana.

N'chifukwa chake anthu ambiri okonda speedway, makamaka ku Britain, amabwera ndi cholembera. Amagula kabuku ka ndondomeko ya tsikulo pakhomo, n'kumalemba mapointi a ndime iliyonse, ena mpaka nthawi imene wopambana watenga. Mudzaona agogo, bambo ndi mdzukulu onse ataweramira kabuku kamodzi, akutsutsana za amene mkulu wa timu ayenera kumulowetsa m'ndime yomaliza. Ndipo pali fungo limene vidiyo ino singakupatseni: utsi wa methanol wosakanikirana ndi mafuta a nsatsi amene ambiri akhala akuthira m'injinizi. Inde, nsatsi zomwezi.

Mbiri yake mwachidule. Ambiri amaloza ku West Maitland m'dziko la Australia, m'chaka cha 1923, ndi dzina la Johnnie Hoskins. Ku Britain masewerawa anatchuka kuyambira 1928 pamalo otchedwa High Beech, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Wembley mu 1936, n'kupambana Lionel Van Praag wa ku Australia. Ivan Mauger wa ku New Zealand anautenga ukatswiriwu kasanu n'kamodzi, chimodzimodzinso Tony Rickardsson wa ku Sweden. Kale katswiri ankadziwika usiku umodzi wokha, koma kuyambira 1995 pali Grand Prix, imene imayenda m'mizinda yosiyanasiyana nyengo yonse ya masewerawa.

Masiku ano likulu la speedway ndi Poland. Ligi yawo yaikulu, Ekstraliga, ndiyo ili ndi ndalama ndi khamu la anthu, ndipo m'mizinda ngati Leszno, Gorzów, Zielona Góra ndi Toruń ochemerera amaimba ndi kukupiza mbendera kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza. Bartosz Zmarzlik, amene anakulira ku timu ya Gorzów, anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2019, n'kubwerezanso mu 2020, 2022, 2023 ndi 2024. Mukamuonera, yang'anani mmene amakokera thupi lake kumbuyo kwa njinga potuluka pakona, kufuna kuti tayala lilume dothi. Chinthu china chimene chimasokoneza okonda mpira: wothamanga mmodzi amatha kukhala ndi matimu m'mayiko angapo nthawi imodzi. Lolemba ali ku Britain, Lachiwiri ku Sweden, Lamlungu ku Poland. Amene mukumuchemerera lero, mawa ndi wa eni ake ena.

Tisabise, masewerawa amapweteka. Lee Richardson wa ku Britain anamwalira atachita ngozi pabwalo la ku Wrocław mu 2012. Darcy Ward wa ku Australia, amene ambiri ankamuona ngati katswiri wa mawa, anavulala msana ku Zielona Góra mu 2015 ndipo sanathamangenso. Pamakona tsopano amaika mpanda wopopa mpweya kuti munthu akamenyetseka asagunde chinthu cholimba. Magetsi ofiira akayaka, ndime yaima, ndipo bwalo lonse, a pakhomo ndi alendo omwe, limaombera m'manja wogwayo akadzuka.

Abale amene muli ku Britain, inu ndiye muli nazo pafupi. Nyengo yake imayamba cha m'Marichi mpaka Okutobala. Ku Manchester kuli timu ya Belle Vue Aces, imene imasewerera pa National Speedway Stadium, bwalo limene linatsegulidwa mu 2016 ndipo limadziwika kuti othamanga amapitirirana kwambiri. Ku Sheffield, Leicester, Poole ndi Glasgow nakonso kuli matimu. Enafe tiyambe ndi mavidiyo a Grand Prix pa YouTube, ndipo ndime imodzi muziionera kawiri: koyamba kuona wopambana, kachiwiri kuona kumene matayala akumbuyo akudutsa.

Mukapita kubwalo, musavale zoyera ngati mukufuna kuima pakona pafupi ndi mpanda, ndipo tengani magalasi, timiyala tija timafika kumaso. Musananyamuke kunyumba funsani kaye ngati masewera alipo, chifukwa mvula ikagwa yambiri bwalo limasanduka matope ndipo amawaimitsa ngakhale anthu atalowa kale. Tikiti yanu musataye, nthawi zambiri imagwiranso ntchito tsiku lina.