Makalata a Omvera: Kumwetulira Nakonso Kumatopetsa

Moni nonse omvera athu kulikonse kumene muli. Sabata ino ambiri mwa amene mwatilembera ndinu otumikira anzanu m'masitolo, m'zipatala ndi m'maminibasi, koma ndiyamba ndi kalata imene yandikhudza kuposa zonse.

Yachokera kwa mayi wina wa ku Limbe amene amalandira ndalama pakauntala m'sitolo yaikulu. Iwo akuti: "Ndimamwetulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngakhale kasitomala andikalipire chifukwa cha mtengo umene sindinauike ine. Ndikafika kunyumba mwana wanga akandithamangira, ndimangofuna kukhala chete. Mnzanga wa pakauntala inayo amaweruka akuseka. Kodi ndine wouma mtima, kapena ntchitoyi si yanga?"

Mayi, simuli ouma mtima ayi, mwangotopa, ndipo chimene chakutopetsani ndi ntchito yachiwiri imene siilembedwa pakalata yanu ya ntchito. Mu 1983 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, mayi Arlie Hochschild, anafalitsa zimene anapeza atafufuza moyo wa otumikira anthu m'ndege za kampani ya Delta. Iye anaona kuti bwana akamalemba munthu ntchito yotere sagula manja ake okha, amagulanso nkhope yake ndi mtima wake. Wantchito amakwanitsa zimenezi m'njira ziwiri. Wina amavala nkhope yosekerera pamene m'kati mukuwira ngati mphika wa nyemba, pomwe wina amayesa kusintha mmene akumuonera munthu wokalipayo. Otumikira m'ndege aja ankaphunzitsidwa kuona wokwera wolusa ngati mwana wamantha, kuti mkwiyo wake usawalowe. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza kuti njira yoyamba ija ndiyo imatha munthu mphamvu kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti ndiyo mukugwiritsa ntchito inu tsiku lonse.

Za mnzanuyo musadziyerekeze naye. Pali anthu obadwa ochezeka, amene akacheza ndi anthu 200 pa tsiku amaweruka ndi mphamvu zowonjezera, ndipo pali ena ofatsa, amene mphamvu zawo zimabwerera akakhala okha. Wofatsa akhoza kutumikira bwino kwambiri, chifukwa amamvetsera komanso salakwitsa chenji, koma amafunika kupuma mosiyana ndi mnzake. Mukafika kunyumba, muuzeni mwanayo mwachikondi kuti amayi ayambe asamba ndi kumwa tiyi, kenako mumupatse nthawi yake yonse. Ndipo ngati m'sitolomo muli ntchito yowerenga katundu kapena yosunga mabuku, musachite manyazi kupempha kuti muzisinthana ndi ena, chifukwa kutero si ulesi.

Achimwene a kondakitala a ku Mzuzu, mukufunsa ngati n'kulakwa kubwezera okwera akakunyozani. Ndikumvetsa, koma mawu amene mumaitanira nawo anthu ndi okwanira kale kumveka mpaka ku Ekwendeni, choncho asungireni ntchito yokhayo.

Anamwino a ku Zomba, amene mwati papita zaka ziwiri musanapite kutchuthi, dziwani kuti lamulo la ntchito la 2000 limapereka masiku 18 a tchuthi pachaka kwa ogwira masiku 6 pa sabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku 5. Kambiranani ndi akuluakulu anu, ndipo zikakanika ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ilipo.

Tsopano bambo a ku Kasungu, mwadandaula kuti atsikana a m'masitolo masiku ano samwetulira. Dandaulo limeneli ndalilandira kangapo mwezi uno, ndiye mundilole ndikufunseni mwaulemu: inu mukafika pakauntala, mumayamba mwapereka moni? Kwathu kuno munthu sapempha ngakhale madzi asanalonjere, koma tikangolowa m'sitolo timaponya ndalama patebulo foni ili kukhutu, ngati kuti kutsogolo kwathu kwaima makina. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mwana wanu yemwe akhoza kudzaima pamalo omwewo. Nanunso mabwana, kasitomala akatukwana wantchito wanu popanda chifukwa, tulukani mu ofesimo mukaime pambali pake, chifukwa mtsikana amene akudziwa kuti ali ndi womuikira kumbuyo savutika kumwetulira. Bambo a ku Kasungu, kayeseni moniwo sabata ino, ndipo mudzatilemberenso kutiuza mmene anakuyankhirani.