Musagule dzina lokha: funsani chaka, injini ndi giyabokosi

Moni nonse amene mwatchera khutu pa nthawi ino. Nkhani yathu lero ndi ya kugula galimoto ya saluni yomwe inagwirapo kale ntchito, ija ya zitseko zinayi yokhala ndi buti kumbuyo, ndipo ndikuyankhula makamaka ndi inu amene ndalama zanu ndi zowerengeka, amene simungathe kugula galimoto lero n'kuyamba kuifunira injini ina mwezi wamawa.

Tiyambe ndi ndalamazo. Zimene mwasunga musazipereke zonse kwa wogulitsa. Ine ndimalangiza kuti mupatule pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa galimoto yakale, kaya ikhale yabwino chotani, ikangofika m'manja mwanu imafuna oyilo watsopano, mafyuluta, mwina matayala, mwina batire, ndiye palinso inshulansi ndi kusintha dzina pa mapepala. Apa sindichedwapo.

Pamene ndikufuna kuchedwa ndi apa. Anthu ambiri amangoti ndikufuna Toyota, kapena ndikufuna Honda, ndipo akaona chizindikiro cha kampaniyo pa boneti mtima umakhala pansi. Makampani amenewa amapangadi magalimoto olimba, sindikukana ayi, koma dzina limodzi limakhala pa magalimoto a zaka zambiri, okhala ndi injini zosiyana ndi magiyabokosi osiyana, ndipo pakati pa zakazo pali zina zimene zinatuluka kufakitale zili ndi matenda kale. Choncho mafunso anu kwa wogulitsa akhale atatu: ndi ya chaka chiti, muli injini yanji, ndipo giyabokosi yake ndi ya mtundu wanji.

Tengani Toyota Camry, imene aliyense amaitama kuti ndi yopirira. Za 2007 mpaka 2009 zokhala ndi injini ya malita 2.4, yotchedwa 2AZ-FE, zambiri zimamwa oyilo, chifukwa maringi a pisitoni amalola oyilo kukwera n'kumakapsa pamodzi ndi petulo. Pansi simupeza dontho, koma oyilo akutha, ndipo mwini galimoto akapanda kumayeza kawirikawiri, tsiku lina injini imanoka. Honda Civic ya 2006 mpaka 2008 ya malita 1.8 inali ndi lake vuto: buloko ya injini inkang'aluka, madzi oziziritsa n'kumadontha mpaka injini kutentha, moti kampaniyo inawonjezera waranti ya mbali imeneyi kufika zaka 10, koma zaka zimenezo zinatha kale ndipo wogula lero alibe kodandaula. Hyundai Sonata ndi Kia Optima za 2011 mpaka 2014 zokhala ndi injini ya Theta II zinaitanidwa kuti zikakonzedwe, chifukwa tizidutswa ta zitsulo totsalira popanga injini tinkatseka njira za oyilo n'kuwononga maberingi. Mukaipeza yotero, funsani pepala losonyeza kuti inakaonedwa kapena inasinthidwa injini, ndipo pepalalo likasowa musapitirize.

Tsopano magiyabokosi, ayi, ndisanapite kumeneko ndibwerere kaye pa chaka, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwasokonezeka. Chaka chimene ndikunena si chaka chimene galimoto inalembetsedwa kapena kulowa m'dziko. Ndi chaka cha mtundu wake monga inatulukira kufakitale. Zaka zimene ndikutchulazi ndi za magalimoto amene anapangidwira msika wa ku North America, ndipo galimoto ya dzina lomwelo yopangidwira msika wina ikhoza kukhala ndi injini ina. N'chifukwa chake ndikuti funsani dzina la injini, osati chaka chokha. Pa magalimoto a msika umenewo, nambala ya chasisi, imene amaitcha VIN, imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo malo a nambala 10 ndi amene amanena chaka: 7 ndi 2007, 9 ndi 2009, A ndi 2010, C ndi 2012, n'kumapita choncho. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan ali ndi nambala yaifupi, ndipo zilembo zoyambirira zimanena mtundu wa galimotoyo. Ndibwerezenso, malo a nambala 10, kuwerenga kuchokera kumanzere.

Eya, magiyabokosi tsopano. Honda Accord ya injini ya V6 yokhala ndi giya ya otomatiki, ya 1998 mpaka 2002, inkatha giyabokosi msanga. Nissan Altima ndi Sentra za kuyambira 2013 ndi zaka zingapo zotsatira zili ndi giyabokosi ya CVT, imene ilibe magiya owerengeka koma imayendera lamba wachitsulo, ndipo anthu ambiri anadandaula kuti imanjenjemera, imalira, ikatentha imafooka. Sikuti CVT iliyonse ndi yoipa, koma ikawonongeka kawirikawiri amasintha yonse, ndipo mtengo wake ukhoza kuyandikira mtengo wa galimoto yakaleyo. Ford Focus ya 2012 mpaka 2016 yokhala ndi giya ya otomatiki yotchedwa PowerShift inafika mpaka kumakhothi chifukwa cha kugwedeza ndi kudumpha ikamanyamuka. Koma tamverani bwino apa: Focus yomweyo, ya chaka chomwecho, ikakhala ya giya yamanja vuto limeneli ilibe. Dzina limodzi, chaka chimodzi, magalimoto awiri osiyana. Kwa munthu wa ndalama zochepa ine ndimakonda giya yamanja kapena otomatiki yachikale, monga imene ili mu Corolla zambiri za 2003 mpaka 2008 kapena mu Mazda3 ya kuyambira 2014, chifukwa amakaniko ambiri amaidziwa ndipo zipangizo zake sizivuta. Komanso mtundu ukangosinthidwa maonekedwe ndi injini, chaka choyamba muchipewe, popeza zolakwika zambiri amazikonza m'zaka zotsatira.

Tsopano mwasankha, mukupita kukaiona. Mawu amene ndikufuna muwasunge ndi awa: mukaipeze injini ili yozizira. Muuzeni wogulitsa kuti asailize mpaka mutafika, ndipo mukafika musanachite china chilichonse tsekulani boneti, muyandikize dzanja pa injini mosamala. Ikakhala yofunda, nenani mwaulemu kuti mubweranso mawa m'mawa. Ndikuchedwa pano chifukwa ine zinandionekerapo. Ndinapeza galimoto ikulira kale pabwalo, wogulitsa n'kunena kuti amaikonzekeretsa kuti ndisataye nthawi, ndipo inkalira bwinobwino, yosalala. M'mawa woyamba itagona kwa ine, ndinangoiliza n'kumva chiphokoso cha zitsulo kwa kanthawi, kumbuyo kukutuluka utsi wa buluu, ndipo injini itatentha zonse zinatha ngati palibe chachitika. Injini yotentha imabisa zambiri. Usiku oyilo amatsikira pansi, ndiye m'masekondi oyambirira a m'mawa mbali zotha zimamveka, tcheni cholobodoka chimalira, ndipo oyilo amene wadonthera m'masilinda usiku amatuluka ngati utsi. Zimenezi zimaoneka kamodzi kokha patsiku, ndipo wina akailiza inu musanafike, mwayi umenewo wapita. Choncho muime kumbuyo kwa galimoto, mnzanu ndiye ailize. Osati inu muli mkati, ayi, inu muime kumbuyo, maso pa paipi ya utsi, makutu ku injini.

Utsi wa buluu ndi oyilo amene akupsa. Utsi wakuda ndi mafuta ochuluka, ndipo nthawi zambiri umenewo umakonzeka. Utsi woyera, apa ndifotokoze bwino chifukwa ena amathawa galimoto yabwino: kanthunzi kopyapyala kamene kamatuluka m'mawa kukuzizira n'kutha pakapita mphindi zochepa si vuto. Koma utsi woyera wochindikala, wosatha ngakhale injini yatentha, wa fungo lotsekemera, umenewo ndi madzi oziziritsa amene akulowa m'masilinda, ndipo kawirikawiri vuto limakhala gasiketi ya hedi, chomatira chimene chimakhala pakati pa buloko ya injini ndi mutu wake. Injini isanalire, ndinayenera kunena zimenezi poyamba, isanalire tsekulani chivindikiro chothirira oyilo muone kunsi kwake. Mukapeza phala loyererako lochuluka, mwina madzi akusakanikirana ndi oyilo, ndipo makaniko ayeze asanakuuzeni kuti mugule. Sololani kachitsulo koyezera oyilo muone mlingo wake. Chivindikiro cha rediyeta mutsekule injini ili yozizira basi. Ikatentha musachikhudze, madzi ake amatuluka mwamphamvu ndipo amawotcha nkhope.

Pali bambo wina amene ndinawapempha kuti apite ndi makaniko wawo, iwo n'kunena kuti wogulitsayo ndi mnzawo wakalekale, kumuyeza galimoto kungakhale kumunyoza. Sipanapite nthawi galimoto inayamba kutentha pamsewu, ndipo ubwenziwo unasokonekera limodzi ndi injini. Mnzawoyo mwina sankadziwa n'komwe za vutolo. Makaniko amayeza galimoto, sayeza mtima wa wogulitsa, ndipo akhale makaniko amene mwamupeza nokha ndi kumulipira nokha, osati amene wogulitsa wakulozerani.

Ndibwerere mkati mwa galimoto. Mukapotokola kiyi koyamba, injini isanalire, magetsi onse a pa dashibodi ayake: la injini, la oyilo, la ABS (yoletsa matayala kugwira n'kutsetsereka pomanga mabuleki), la airbag (thumba limene limafufuma pa ngozi kuti likutetezeni). Injini ikalira azime. Limodzi mwa magetsiwa likapanda kuyaka n'komwe, dziwani kuti mwina wina analithimitsa dala. Makaniko abwere ndi kakompyuta kaja kolumikiza pansi pa chiwongolero, ka OBD, kamene kamawerenga zolakwika zimene galimoto yasunga. Kamatha kuonetsanso ngati zolakwikazo zafufutidwa posachedwa, chifukwa galimoto imafuna kuyenda kaye ulendo ndithu isanamalize kudziyezanso. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha. Yerekezani ndi kutha kwa mapedo, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala, komanso ndi malisiti a sevisi. Galimoto yoyenda mtunda wautali koma yosinthidwa oyilo pa nthawi yake imaposa ya makilomita ochepa yopanda mbiri.

Poyiyesa pamsewu zimitsani wayilesi, ngakhale pulogalamu ino, ndipo musangozungulira pafupi. Iyende mpaka itenthe, mukwere nayo chitunda, muime, munyamukenso, mubwerere m'mbuyo. Giya ya otomatiki ilowe mosachedwa ndi mosagunda. Injini ikamakwera mawu koma liwiro osawonjezeka, giyabokosi kapena kilatchi ikuterereka. Mukamanga mabuleki galimoto isakokere mbali imodzi, ndipo muvi wa kutentha ukhale malo amodzi.

Za thupi la galimoto ndinena mwachidule, kupatula chinthu chimodzi: muione masana, kuli kouma. Mayi wina anakagula madzulo kukugwa mvula ngakhale anauzidwa kuti adikire, ndipo kutacha anapeza kuti chitseko chimodzi ndi mbali ya kutsogolo zili ndi penti yosiyana, kusonyeza kuti inachitapo ngozi. Madzi amabisa penti. Onani ngati mipata ya zitseko ndi boneti ili yofanana mbali zonse, suzumirani pansi muone dzimbiri, tukulani kapeti ya m'buti mununkhize, chifukwa galimoto imene inamirapo m'madzi imasiya matope ndi fungo la nkhungu, ndipo mawaya ake amavuta mpaka kalekale. Pa tayala lililonse pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, moti 2319 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lakale limauma ngakhale mapanga ake akuoneka.

Ndatsala pang'ono kuiwala lamba wa timing, amene amachititsa kuti mavavu a injini azitseguka ndi kutseka mogwirizana ndi mapisitoni. Funsani ngati injiniyo imayendera lamba kapena tcheni. Ikakhala ya lamba, makampani ambiri amati asinthidwe pafupifupi makilomita 100,000 aliwonse, ndipo pa injini zambiri akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni. Wogulitsa akati anasintha koma lisiti palibe, werengani ngati sanasinthe, ndipo mtengo wa ntchitoyo muuchotse pokambirana.

Palinso nkhani ya ma airbag a kampani ya Takata, amene anaikidwa m'magalimoto mamiliyoni ambiri a Honda, Toyota, Nissan, Mazda, Ford ndi ena, makamaka a zaka za m'ma 2000 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 2010. Mankhwala ake amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo pa ngozi amatha kuphulika ndi tizitsulo tomwe tavulaza ndi kupha anthu. Imeneyi si nkhani ya ndalama, ndi ya moyo. Tengani nambala ya chasisi, muifufuze pa intaneti patsamba la kampani yopanga galimotoyo kapena mufunse oimira kampaniyo, muone ngati inasinthidwa.

Nambala yomweyo ya chasisi muiwerenge pa galimoto penipeni, osati pa pepala pokha. Muiyerekeze chilembo ndi chilembo ndi imene ili pa mapepala a umwini, muone ngati dzina la pa mapepala ndi la munthu amene akugulitsayo, ndipo mutsimikize kuti galimotoyo sinaikidwe chikole cha ngongole. Chilembo chimodzi chikasiyana musapereke ngakhale ndalama yachikole, ngakhale akuuzeni kuti pali wogula wina amene akubwera masana. Mukalipira, pakhale kalata yogulitsirana yolembedwa nambala ya chasisi, makilomita a tsikulo ndi ndalama zimene mwapereka, yosainidwa ndi nonse awiri pamaso pa mboni.