Kristalo yonjenjemera imawala bwanji? Bodza la ma metal halide lithe lero

Kristalo imodzi, yosasakaniza ndi china chilichonse, mukaiwunika ndi UV, kuwala kosaoneka ndi maso kuja, imatulutsa kuwala koyera. Zitheka bwanji? Musachoke, yankho likubwera. Takulandirani anzanga, ngati ndinu alendo dinani subscribe tipitirire.

Choyamba, mothamanga. Metal halide ndi chitsulo, monga mtovu, tini kapena kopa, chogwirana ndi chlorine, bromine kapena ayodini, zomwe timazitcha ma halide. Pa za mtovu, atomu yake imakhala pakati, maatomu 6 a halide ataizungulira. Timagulu timeneti tikagwirana mbali zonse ndiye 3D, monga CsPbBr3, kristalo ya mtovu ndi bromine yowala mobiriwira. Tikayalana mopyapyala ndi 2D, tikandandalikana ndi 1D, kalikonse kakakhala pakokha ndi 0D. Apa tikunena kalumikizidwe ka mkati, osati kukula kwa kristalo. Ya 0D itha kukhala yaikulu yoti n'kuinyamula ndi zala.

Chachiwiri. Kuwala kukagunda, elekitironi imadumpha n'kusiya mpata. Ziwirizi zimakokana, ndipo pamodzi zimatchedwa exciton. Zikakumananso, kuwala kumatuluka. Maatomu nawo sakhala phee, amanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumabwera m'timagawo totchedwa ma phonon. Basi, tadutsa.

Chachitatu, ndipo apa ndichedwapo, mundikhululukire. Anthu akaona kuwala kotambalala, kwa mitundu yambiri, amathamangira kunena kuti kristaloyo ili ndi zilema, wopanga sanaipange bwino. Ena amati kunjenjemera kwa maatomu kumangowononga kuwala. Zimanditopetsa zimenezi!

Tamverani. Zinthu izi n'zofewa mkati. Mu 2D, 1D ndi 0D exciton imapanikizika pamalo aang'ono, ndiye imakoka maatomu oyandikana nayo mwamphamvu mpaka amapindika. Zili ngati munthu wogona pa matiresi ofewa: kulemera kwake komwe ndi kumene kumakumba dzenje limene walowamo. Akatswiri amati self-trapped exciton, kudzikola yokha. Si nkhani yadzulo, wasayansi Lev Landau analemba za elekitironi yodzikola mu 1933.

Mphamvu ina imathera pa kupinda maatomuko, motero kuwala kotuluka kumakhala ndi mphamvu yochepa kuposa kolowa. Kusiyana kumeneku ndi Stokes shift. Komanso pobwerera, exciton iyi imasiya ma phonon ochuluka, inayo ochepa, choncho mitundu imamwazika kuyambira buluu mpaka kufiira. Diso lanu likaphatikiza, limaona zoyera. Mu 2014 gulu la Hemamala Karunadasa ku yunivesite ya Stanford linaonetsa kuwala koyera kotere kuchokera ku ma metal halide a 2D a mtundu wotchedwa perovskite.

Mukuti, nanga tidziwa bwanji kuti si zilema? Funso labwino. Chilema chimakhalapo nthawi zonse, ndipo zilema zili ndi chiwerengero. Mukamawonjezera mphamvu ya laser zimadzaza, kuwala kwake n'kuleka kukwera. Kupindika kwa exciton kumabadwa ndi kuwala n'kutha nako, ndiye kuwala kwake kumakwerabe. Yesani kaye musanaweruze kristalo ya mnzanu! Ndipo taonani Cs3Cu2I5, kristalo ya kopa, ya 0D, yopanda mtovu: imamwa UV cha pa 290 nm (nm ndi muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala), n'kutulutsa buluu cha pa 445 nm, ndipo pa ma photon, timagawo ta kuwala, 100 omwe yamwa, pafupifupi 90 amatuluka ngati kuwala. Kunjenjemera kowononga kuja kuli kuti?

Sindikuti zilema kulibe. Zilipo, nthawi zina zimathandizira kukolako, ndipo kutentha kukanyanya kuwala kumachepadi. Kubiriwira kwa Cs4PbBr6, kristalo ina ya 0D, akatswiri akhala akukanganirana kwa zaka kuti kumachokera kuti. Imeneyo ndi vidiyo ina. Mukaifuna, dinani like ndidziwe.

Chachinayi, kuyeza. Raman, njira yoyezera ndi laser, imakuuzani mmene maatomu akunjenjemerera. Kenako ziziritsani kristalo mpaka 77 K, ndiye kuti -196 °C, ndi nayitirojeni wamadzi, muone mmene kutambalala kwa kuwala kukucheperachepera. Pamenepo mumapeza Huang-Rhys factor, ya Kun Huang ndi Avril Rhys, 1950. Ikakula, ndiye kuti exciton ndi ma phonon zagwirana zolimba.

Chachisanu, phindu. Stokes shift ikakula, kristalo simezanso kuwala kwake komwe, n'chifukwa chake akuziyesa pa zida zojambulira ndi X-ray. Vidiyo yotsatira ndi ya zimenezo, ndipo tionanso chifukwa chake kopa akupikisana ndi mtovu. Dinani kabelu kaja kuti isakuphonyeni.