Alamu, musapereke ndalama musanapite ku Lands

Alamu, mwaswera bwanji? Ndamva za mafulati anayi aja mukufuna kugula ku Chalala, mu Lusaka. Ndili m'basi, mukamva phokoso musadabwe.

Choyamba... ayi, ndiyambe ndi mtengo. Zoti mwini wake watsitsa zisakuthamangitseni. Masiku ano ambiri akugulitsa chifukwa madzi afika m'khosi, ngongole ya kubanki ikuwasowetsa tulo, ogula ndi ochepa. Ofulumira ndi iyeyo, inu ayi.

Ndiye tengani nambala ya puloti imene ili pa taitolo, mupite ku Ministry of Lands, ku Mulungushi House, mukachite sechi, kufufuza m'kaundula wa boma kuti mwini malo ndani komanso ngati ali pachikole. Mwandimva? Fotokope imene wakupatsaniyo si sechi ayi. Apa ndi pamene ine ndinagwa. Bambo amene ankandigulitsa nyumba anandionetsa pepala loyera bwino, lachidindo, ine n'kupereka dipoziti tsiku lomwelo. Kukachita sechi pambuyo pake, nyumba ili pachikole kubanki. Pachikole, alamu! Miyezi isanu ndi itatu ndikuyenda kwa loya, ndalama kubwera pang'onopang'ono, ina mpaka lero. Ndiye ndibwereze: sechi kaye, ndalama pambuyo. Dzina la pa taitolo, la pa NRC (chitupa cha unzika) ya wogulitsayo, ndi lomwe lituluke ku Lands, likhale limodzi. Akati ndi ya malemu bambo ake, imani pomwepo, loya aone mapepala a chuma cha masiye.

Komanso malo a taitolo kuno ku Zambia ndi a lizi, nthawi zambiri zaka 99, onani kuti zatsala zingati, ndiponso ngati ground rent, lendi ya malo yolipira kuboma, analipira. Za khonsolo mukudziwa kale. Property Transfer Tax, msonkho wogulitsira malo wopita ku bungwe la misonkho la ZRA, amalipira ndi wogulitsa, zilembedwe m'pangano, asadzakusenzetseni.

Eya, madzi. Ndinatsala pang'ono kuiwala. Mukukumbukira 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, magetsi kuzima pafupifupi tsiku lonse? Pampu osagwira, mathanki gwa. Alendi anasamuka kutsata kumene kuli sola. Ndiye funsani za bohole, ngati inalembetsedwa ku WARMA, bungwe loyang'anira madzi, muonenso kuti chimbudzi chikutayira pati, chisayandikane ndi bohole. Fulati iliyonse mita yakeyake ya magetsi ya ZESCO, apo ayi muzidzaweruza milandu ya mayuniti mwezi uliwonse.

Msuweni wanga uja ndinamuuza, kaone malo nthawi ya mvula. Sanamve. Anagula mu Okutobala kouma, Febuluwale kufika, madzi mpaka pakhonde ngati ku Kanyama, komboni yosefukira madzi ija, alendi awiri n'kuchoka. Zimandiwawa, inali ndalama yake ya penshoni. Inu simungadikire mvula, chabwino, koma funsani oyandikana nawo, muyang'ane zipupa m'munsimu, chinyezi sichibisika ngakhale apake penti.

Powerengera lendi, werengani miyezi khumi pa chaka, osati 12, ayi, khumi, chifukwa fulati imakhalako yopanda munthu. Ikalephera kubweza ngongole pa miyezi khumiyo, isiyeni.

Ndafika, ndikutsika. Nditumizireni nambala ya puloti ija usiku uno, Lolemba tipitire limodzi.