Kuchoka ku Community College Kukayamba Digiri ya Masamu ku California

Moni nonse, kaya mukumvera muli ku Zomba, ku Joni kapena konkuno ku America. Lero ndiyankhe achemwali ena amene mwana wawo ali ku community college, koleji ya zaka ziwiri, kuno ku California, ndipo akufuna kukamaliza digiri ya applied mathematics ku yunivesite. Njira imeneyi ndinadutsamo, tsono achemwali mumvetsere.

Ambirife timayambira ku koleji chifukwa cha thumba. Wokhazikika mu California amalipira madola 46 pa unit imodzi (unit ndi muyeso wa kukula kwa kalasi). Wobwera pa viza ya ophunzira ya F-1 amalipira zochuluka, komabe sizifika pa fizi ya ku yunivesite.

Chachikulu n'chakuti si kalasi iliyonse imene yunivesite imaiwerengera. Mwanayo atsegule webusaiti ya ASSIST pa intaneti, asankhe koleji yake ndi yunivesite yomwe akuifuna, aone makalasi ogwirizana asanalipire kalikonse. University of California (UC) imafuna ma unit 60 a semesita, koma kwa wa masamu amayang'anitsitsa calculus yonse itatu, linear algebra ndi differential equations. Calculus yachiwiri suyamba usanakhoze yoyamba, ndiye ukachedwa kuyamba, chaka chathunthu chapita. Ndinali ndi mnzanga wina, ma unit okwana bwinobwino, koma anadikira chaka china chifukwa cha kalasi imodzi yokha. Ankapita kuntchito usiku, masana n'kumadzakhala pa desiki chifukwa cha phunziro limodzi lomwelo. Zinkandiwawa kumuona.

Palinso TAG, pangano lakuti ukakwaniritsa zofunika malo ako ndi otsimikizika. Limapezeka ku masukulu a UC a ku Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz. Ku Berkeley, UCLA ndi San Diego kulibe. Fomu yake imatumizidwa mu Seputembala.

Ukalowa, masamu amasintha nkhope. Ku MSCE ndi ku koleji tinazolowera kupeza yankho. Mu kalasi ya real analysis aphunzitsi safuna nambala, amati tsimikizira kuti zimenezi n'zoona. Tsamba lonse limadzaza mawu okhaokha. Komanso masukulu ambiri a UC temu yake ndi ya masabata 10, mayeso amakupeza bukulo usanalizolowere. Ngati koleji ili ndi discrete mathematics, mwanayo atenge, ndi kalasi imodzi ya programming, chifukwa applied mathematics imayenda ndi kompyuta.

Ngati ali pa F-1, achemwali, akauze ofesi ya ophunzira ochokera kunja msanga kuti asamutse SEVIS (kaundula wa boma wa ophunzira ochokera kunja), yunivesite imupatse I-20 (chikalata cha wophunzira wa pa F-1) yatsopano temu isanayambe.